Nkhalango Zokwiririka za ku Svalbard

Pazilumba za Svalbard, kumpoto kwa dziko la Norway, palibe mtengo ngakhale umodzi umene munthu angaugwetse ndi nkhwangwa kapena kupumula pamthunzi pake. Kamtengo kofala kumeneko ndi ka mtundu wa msondodzi, ndipo kamangoyanga pansi ngati kholowa, kutalika kwake osaposa chala. Magawo pafupifupi 6 mwa magawo 10 alionse a mtunda ndi okutidwa ndi madzi oundana chaka chonse. M'tauni ya Longyearbyen, momwe mumakhala anthu pafupifupi 2,500, dzuwa likalowa chakumapeto kwa Okutobala silitulukanso kufikira pakati pa Febuluwale.

Ngakhale zili choncho, anthu akhala akukumba malasha m'mapiri a kumeneko kwa zaka zoposa 100. Malasha a m'migodi sali ngati makala amene amapsa mu uvuni wa dothi kwa masiku ochepa. Iwo ndi zotsalira za mitengo ndi zomera za m'madambo zimene zinaunjikana, n'kukwiririka, n'kupanikizidwa kwa zaka mamiliyoni ambiri. Nanga m'dziko lopanda mitengo, nkhalango zoterozo zinachokera kuti?

Yankho la funso limeneli lili m'miyala, ndipo likukhudza mlimi wa ku Nsanje, ku Chipata, ku Angónia ndi ku Masvingo. Nkhani ya kusintha kwa nyengo ikabuka pamsonkhano wa m'mudzi, sipalephera kupezeka wina wonena kuti nyengo yakhala ikusintha chiyambire, choncho palibe chodera nkhawa. Miyala ya ku Svalbard ikuvomereza kuti nyengo inasinthadi kambirimbiri. Koma ikuonetsanso chimene chinkaisintha, nthawi imene kusinthako kunkatenga, ndi zimene zinkagwera zamoyo kusinthako kukachitika mofulumira.

Mapiri Osavala

Zilumbazi zili pakatikati pa gombe la kumpoto la Norway ndi nsonga ya kumpoto ya dziko lapansi. Kukula kwake ndi masikweyakilomita pafupifupi 61,000, kuposa pang'ono theka la dziko la Malawi. Woyendetsa sitima wa ku Netherlands, Willem Barentsz, anaziona mu 1596 n'kuzitcha Spitsbergen, kutanthauza mapiri osongoka, ndipo lero dzinali ndi la chilumba chachikulu pa zonse. Pangano la mayiko la mu 1920 linapereka ulamuliro wa zilumbazi kwa Norway.

Akatswiri a miyala amakonda dera limeneli chifukwa mapiri ake ndi osavala. Kumene kuli nkhalango, udzu ndi dothi lakuya, miyala imabisika, ndipo wofuna kuiona amayenera kukumba kapena kufunafuna m'makwawa. Ku Svalbard madzi oundana anasenda mapiri, moti munthu ali m'boti amaona mizere ya miyala yosanjikizana kuyambira m'tsinde mpaka pamwamba pa phiri.

Kawerengedwe ka mizereyo sikachilendo kwa munthu amene anakumbapo chitsime kapena kuyang'ana khoma la chigwembe. Pamwamba pamakhala dothi lakuda, pansi pake katondo, kenako mchenga kapena nsangalabwi, ndipo aliyense amadziwa kuti chapansi ndicho chinayamba kugona. Miyala yambiri ya ku Svalbard inayamba ngati matope, mchenga kapena zigoba zimene zinadikha pansi pa madzi. Mwala wa mchenga wa timizere topingasa kawirikawiri umasonyeza mtsinje kapena gombe. Mwala wakuda wa matope umasonyeza pansi pa nyanja pamene panalibe mpweya wokwanira. Malasha amasonyeza dambo.

Zaka za miyalayo akatswiri amazipeza poyeza phulusa la mapiri ophulika limene linagwera pakati pa mizereyo, popeza m'phulusamo muli timiyala tokhala ndi uranium, amene amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika. Miyala ina ili ndi tizitsulo timene tinasunga mbali imene maginito a dziko lapansi ankaloza pamene mwalawo unkaumbika, ndipo zimenezi zimaonetsa kutalikirana kwa malowo ndi ikweta panthawiyo.

Kumeneko Kotentha, Kuno Chisanu

Umboni woterewu ukusonyeza kuti zilumbazi sizinakhale kumpoto chiyambire. Khungwa la dziko lapansi ndi logawanika m'zidutswa zikuluzikulu zimene zimasuntha masentimita ochepa pachaka, liwiro lofanana ndi la kakulidwe ka chikhadabo. M'moyo wa munthu mmodzi kusunthako kumangokwana mamita ochepa, koma m'zaka mamiliyoni mazanamazana kumasamutsa dziko lathunthu.

Zaka pafupifupi 380 miliyoni zapitazo, malo amene lero ndi Svalbard anali pafupi ndi ikweta. Mu 2015, Chris Berry wa pa yunivesite ya Cardiff ndi John Marshall wa pa yunivesite ya Southampton anafotokoza za nkhalango ya nthawi imeneyo imene ili m'chigwa cha Munindalen. Zitsa zake zinasanduka miyala zili chiimire pamalo pamene zinamera. Mitengoyo inalibe maluwa kapena zipatso, inkatalika mamita pafupifupi 4, ndipo inamera mothithikana kwambiri, mpata wa pakati pa mtengo ndi unzake uli pafupifupi masentimita 20 okha. Iyi ndi imodzi mwa nkhalango zakale kwambiri zodziwika padziko lapansi. Akatswiri amakhulupirira kuti kufalikira kwa nkhalango zoyambirirazi kunathandiza kutsitsa kwambiri mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga, popeza zomera zimakoka mpweya umenewu pomanga matupi awo.

Patapita zaka mamiliyoni makumi angapo, madambo a m'dera lotenthali anabala malasha amene anthu a ku Soviet Union, kenako a ku Russia, ankakumba pa Pyramiden kufikira mgodiwo utatsekedwa mu 1998. Pamwamba pa malashawo pali miyala ya laimu yodzaza ndi zigoba za tizilombo ta m'nyanja yofunda, komanso mizere yoyera ya gypsum, uja amene alimi ena amathira m'munda wa mtedza kuti njere zikhwime bwino. Gypsum amatsalira pamene madzi a m'nyanja aphwa ndi dzuwa, monga mmene mchere umatsalira mumphika madzi akauma. Kupezeka kwake ndi umboni wakuti malowo anali otentha ndi ouma.

Panthawi yomweyo, zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, kum'mwera kwa Africa kuno kunali pafupi ndi nsonga ya kum'mwera ya dziko lapansi, ndipo kunali kokutidwa ndi madzi oundana. Ku Nooitgedacht, pafupi ndi Kimberley ku South Africa, matanthwe akadali ndi mizere imene madzi oundanawo anakanda pokhukhuluza miyala. Madziwo atasungunuka, m'zigwa munamera nkhalango za m'madambo, ndipo zimenezo ndizo malasha a lero a ku Moatize, Hwange, Maamba ndi Mchenga. Munda wa chimanga umene lero ukufota ndi dzuwa uli padziko limene kale linali pansi pa chisanu.

Gombe la Festningen

Pakhomo pa Isfjorden, nyanja yopapatiza imene imalowa m'katikati mwa Spitsbergen, pali malo otchedwa Festningen. Kumeneko mizere ya miyala inaimitsidwa chilili pamene chidutswa cha Greenland chinakankhana ndi cha Svalbard zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Motero munthu woyenda makilomita ochepa m'mphepete mwa gombe amadutsa miyala imene inatenga zaka pafupifupi 200 miliyoni kuti isanjikizane, kuyambira yakale kufikira yatsopano.

Pamalo ena a ulendowo, mwala wolimba wodzaza ndi zigoba umatha mwadzidzidzi, n'kuyamba mwala wa matope wosauka zamoyo. Malire amenewo ndi a zaka 252 miliyoni zapitazo, pamene mitundu 8 kapena 9 mwa mitundu 10 iliyonse ya zamoyo za m'nyanja inatheratu. Akatswiri ambiri amati gwero la tsokalo linali chiphalaphala chimene chinaphulika ku Siberia. Chinatulutsa mpweya wochuluka wa carbon dioxide, ukunso chikutentha malasha ndi miyala ina ya pansi pa nthaka. Nyanja zinafunda, mpweya wopuma unachepa m'madzi, ndipo panapita zaka mamiliyoni angapo zamoyo zisanachulukanenso.

Nyanja ya m'nthawi yotsatira inasiya mibulu ya phosphate, chimodzi mwa zipangizo za feteleza wokulitsa mizu. Mu 1872 kampani ina ya ku Sweden inamanga nyumba pa Kapp Thordsen, tsidya lina la Isfjorden, n'cholinga chokumba mibuluyo, koma ntchitoyo sinapite patali.

Nyanja imeneyo inadzakhalanso ndi zilombo zoopsa. Kuyambira mu 2004, gulu lotsogozedwa ndi Jørn Hurum wa pa yunivesite ya Oslo linafukula mafupa ambiri m'mapiri a kumpoto chakum'mawa kwa Longyearbyen, mumwala wakuda wa matope wa zaka pafupifupi 150 miliyoni. Chilombo chachikulu pa zonse, chimene mu 2012 chinapatsidwa dzina lakuti Pliosaurus funkei, chinali ndi zipsepse zinayi zonga nkhafi ndi mutu wautali mamita pafupifupi 2. Thupi lonse akuti linali la mamita 10 kufika 13, kuwirikiza kawiri ng'ona yaikulu ya mu Zambezi. Ntchito yofukulayo inkatheka kwa milungu yochepa yokha pachaka, nthaka yapamwamba ikasungunuka, ndipo ofukulawo ankayenda ndi mfuti poopa zimbalangondo zoyera. Mafupawo anali ophwanyikaphwanyika ndi chisanu, moti kuwalumikiza kunatenga zaka. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Festningen komweko, mu 1960, Albert-Félix de Lapparent wa ku France ndi anzake anaona mapazi 13 a zala zitatu pakhoma la mwala wa mchenga. Phazi lililonse linali lalitali kuposa theka la mita. Anali a dinosaur wodya zomera amene anaponda pamchenga wonyowa zaka pafupifupi 125 miliyoni zapitazo, m'nyengo yomwe ija ya Malawisaurus, amene mafupa ake anafukulidwa ku Karonga. Panthawiyo zilumbazi zinali zitasuntha kale kufika kumpoto ndithu, choncho mapaziwo anakhala umodzi mwa maumboni oyamba akuti zinyama zimenezi zinkakhalanso kumadera a usiku wautali. Pambuyo pake mafunde anagumula thanthwelo, koma akatswiri anali ataumba kale chikombole cha mapaziwo.

Nkhalango ya Mumdima

Malasha a ku Longyearbyen ndi atsopano poyerekeza ndi a ku Pyramiden. Zaka zake ndi pafupifupi 60 miliyoni. Tauniyi inatenga dzina kwa John Munro Longyear wa ku America, amene kampani yake inayamba kukumba malasha pamenepo mu 1906. Patatha zaka 100, mu 2006, anthu ogwira ntchito mumgodi wa nambala 7 anaona zinthu zotumphuka kudenga kwa ngalande imene anachotsamo malasha. Anali mapazi a nyama yoyamwitsa yodya zomera, ya mtundu umene unatha kalekale. Nyamayo inaponda padambo lofewa, mchenga unadzaza m'mapazimo n'kusanduka mwala, ndipo okumbawo atachotsa malasha a pansi pake anaona mapaziwo chapansipansi. Amene anawazindikira poyamba sanali akatswiri a ku yunivesite, koma anthu odziwa denga la mgodi wawo monga mmene mlimi amadziwira nthaka ya m'munda mwake.

Kumtunda kwa tauniyi kuli chimtsinje cha madzi oundana chotchedwa Longyearbreen, chimene chimakokolola miyala ya pamwamba pa mapiri n'kuiunjika kumunsi. Munthu akaswa miyalayo amapezamo zidindo za masamba, ena aakulu ngati chikhatho, mitsempha yake ikuoneka bwinobwino. Masambawo ndi a zaka pafupifupi 50 miliyoni, ndipo ambiri ndi a mitengo yoyoyola masamba chaka ndi chaka. Katswiri wa zomera wa ku Switzerland, Oswald Heer, anafotokoza masamba oterewa ochokera kumadera a kumpoto m'mabuku amene anafalitsa pakati pa 1868 ndi 1883. Umodzi mwa mitengoyo ndi Metasequoia, umene unapatsidwa dzina limeneli mu 1941 kuchokera ku zotsalira za m'miyala, anthu akuyesa kuti unatha. M'zaka zomwezo za m'ma 1940 unapezeka ukumerabe m'chigwa china ku China.

Zoterezi sizili ku Svalbard kokha. Pachilumba cha Ellesmere, kumpoto kwa Canada, Mary Dawson ndi Robert West anapeza mafupa a ng'ona ndi akamba a m'nyengo yomweyo m'zaka za m'ma 1970. Ng'ona sizikhala kumene madzi amaundana kwa miyezi yambiri.

Apa ndi pamene nkhalango ziwirizi zikusiyana. Ya ku Munindalen inamera chifukwa malowo anali m'dera lotentha, pafupi ndi ikweta. Ya ku Longyearbyen inamera zilumbazi zili kale kumpoto kwenikweni, kumene dzuwa linkasowa kwa miyezi ingapo pachaka monga lero. Mitengoyo inkakula m'chilimwe cha dzuwa losalowa, n'kuyoyola masamba ndi kugona mumdima. Kusuntha kwa malo sikungafotokoze nkhalango imeneyi. Dziko lonse lapansi ndilo linali lofunda.

Chofunda cha Mumlengalenga

Mpweya wa carbon dioxide umagwira ntchito ngati chofunda. Umalola kuwala kwa dzuwa kufika pansi, koma umatsekereza gawo la kutentha kumene kukanabwerera kumwamba. Ukachuluka, chofundacho chimachindikala. Akatswiri amauyeza m'magawo a pa miliyoni. Mafakitale asanayambe kutentha malasha ochuluka, unali pa magawo pafupifupi 280. M'nyengo ya masamba a ku Longyearbreen akuti unali pa magawo oposa 1,000.

Mkati mwa nyengo yofundayo munali chochitika china chimene akatswiri amachiphunzira mwachidwi, ndipo zizindikiro zake zimapezekanso m'miyala ya matope ya ku Spitsbergen. Zaka pafupifupi 56 miliyoni zapitazo, mpweya wochuluka unalowa mumlengalenga m'zaka masauzande ochepa, ndipo dziko linatentherapo ndi madigiri pafupifupi 5 kapena kuposapo. Madzi a m'nyanja anasasa, tizilombo tambiri ta pansi pa nyanja tinatha, ndipo m'madera ena mvula inayamba kugwa mwa apo ndi apo koma mwamphamvu, n'kumakokolola nthaka. Kuti zinthu zibwerere mwakale panapita zaka zoposa 100,000.

Mu 2004, sitima zitatu zoswa madzi oundana zinapita pafupi ndi nsonga ya kumpoto ya dziko lapansi, n'kuboola pansi pa nyanja pamalo otchedwa Lomonosov Ridge. Matope amene anatulutsa anasonyeza kuti panthawi ya kutentha kuja madzi a pamwamba pa nyanjayo anafika madigiri pafupifupi 23. M'matope a zaka 49 miliyoni anapezamo zotsalira zochuluka za Azolla, kachomera koyandama pamadzi opanda mchere kamene alimi a mpunga ku China ndi ku Vietnam akhala akukagwiritsa ntchito ngati manyowa kwa zaka mazanamazana, popeza kamakoka nayitirojeni mumpweya. Kachomerako kanayala pamwamba pa nyanja ya kumpoto mobwerezabwereza kwa zaka pafupifupi 800,000, n'kumamira osaola. Akatswiri ena amaganiza kuti kukwiririka kwake kunathandizako kuchepetsa mpweya wa carbon dioxide. Kuyambira nthawi imeneyo dziko linanka lizizira pang'onopang'ono, kufikira madzi oundana atakuta kumpoto.

Choncho miyala ikuonetsa njira ziwiri. Zomera zikakoka mpweyawu n'kukwiririka nawo, dziko limazizira. Mpweyawu ukatulutsidwa wambiri, dziko limatentha. Malasha, petulo, dizilo ndi gasi ndi mpweya womwewo umene zomera ndi tizilombo takale tinaukwirira, ndipo munthu akazitentha amaubwezera mumlengalenga. Pofika mu 2024 unali utapitirira magawo 420. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti anthu akutulutsa mpweyawu pa liwiro loposa la zaka 56 miliyoni zapitazo kuwirikiza pafupifupi kakhumi.

Zaka 50 Zokha

Ku Svalbard kusinthaku kukuoneka ndi maso. Lipoti limene akatswiri a ku Norway anatulutsa mu 2019 linasonyeza kuti pakati pa 1971 ndi 2017 zilumbazi zinatentherapo ndi madigiri 3 kufika 5, ndipo m'nyengo yachisanu kuposa pamenepo. Pa 25 Julayi 2020, ku Longyearbyen kunatentha madigiri 21.7, kuposa tsiku lina lililonse m'kaundula wa kumeneko kufikira nthawiyo. Pa 19 Disembala 2015, chigumukire cha chipale chofewa chinatsika m'phiri n'kuwomba nyumba 11, ndipo anthu awiri anafa. Nyumba za m'tauniyi zinamangidwa pamizati yokhomedwa m'nthaka yosasungunuka, koma nthakayo yayamba kufewa, ndipo boma lasamutsa mabanja m'malo angozi. Tauniyi inaleka kupanga magetsi ndi malasha mu 2023, ndipo mgodi wa nambala 7, womaliza wa Norway pazilumbazi, unatsekedwa mu 2025.

Kum'mwera kwa Africa kusinthaku kumabwera m'maonekedwe ena. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi midzi kum'mwera kwa Malawi ndi m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, n'kupha anthu mazanamazana. Chaka chotsatira, mu 2024, ng'amba inaumitsa chimanga chisanabereke, ndipo maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti mayiko awo ali pangozi. Anamondwe ndi chilala zinalipo kuyambira kale, ndipo ng'amba ya mu 2024 inadza ndi El Niño. Koma mpweya wofunda umanyamula chinyezi chochuluka, motero mvula ikagwa imagwa mwaukali, ndipo nthaka yotentha imauma msanga mvula ikadukiza.

Wonena kuti nyengo yakhala ikusintha chiyambire akunena zoona, koma akuiwala zinthu zitatu. Kusintha kwakale kwambiri kunkatenga zaka masauzande kapena mamiliyoni, ndipo mitengo ndi nyama zinkapeza mpata wosamuka kapena kuzolowera. Pamene kusinthako kunafulumira, monga pamalire aja a ku Festningen, zamoyo zinatha. Ndipo panthawi zonsezo kunalibe munda ngakhale umodzi. Ulimi unayamba zaka pafupifupi 11,000 zapitazo, madzi oundana omaliza atasungunuka, ndipo chimanga, mapira, mawere ndi mpunga zonse zinaleredwa m'nyengo yokhazikika imene yakhalapo kuyambira pamenepo.

Nkhokwe M'phiri

Miyala yomweyi ya ku Svalbard lero ikusunga chuma cha alimi. Mu 1984 nkhokwe ya mbewu ya mayiko a kumpoto kwa Ulaya inayamba kusunga mbewu zake zapadera mumgodi wakale wa malasha pafupi ndi Longyearbyen, podalira kuzizira kwa nthaka. Maganizo amenewo anabala nkhokwe ya mbewu ya dziko lonse, imene inatsegulidwa pa 26 Febuluwale 2008 m'phiri la Platåberget. Zipinda zake zili mamita oposa 100 mkati mwa mwala wa mchenga, pamtunda wa mamita pafupifupi 130 kuchokera pamwamba pa nyanja. Makina amazizizira kufika madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo magetsi atathima phirilo palokha likhoza kusunga mbewuzo zili zoundana kwa nthawi yaitali. Nkhokweyi ingalandire mapaketi 4.5 miliyoni, lililonse la njere pafupifupi 500, ndipo pofika mu 2025 munali mapaketi oposa 1.3 miliyoni. Amaiyang'anira ndi boma la Norway pamodzi ndi mabungwe a Crop Trust ndi NordGen.

Mbewuzo zimakhalabe za amene anazipereka, ndipo ndi iwo okha amene angatsegule mabokosi awo. Phindu la zimenezi linaoneka mu 2015. Nkhondo ya ku Syria italepheretsa bungwe la ICARDA kugwiritsa ntchito nkhokwe yake ya ku Aleppo, bungwelo linakatenga mbewu zake za tirigu, balere ndi za mtundu wa nyemba ku Svalbard, n'kuzidzala ku Lebanon ndi ku Morocco, kenako n'kubwezera zatsopano m'phirimo.

Chigawo chino nachonso chili ndi nkhokwe zake: ya SADC ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, ndi za mayiko, monga ya ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe. Mu Febuluwale 2025 dziko la Malawi linatumiza mbewu ku Svalbard, ndipo pakati pake panali kalongonda, nyemba ija imene imabwezeretsa chonde m'nthaka.

Komabe ngakhale phiri limeneli silinazembe kutentha. Chakumapeto kwa 2016, mvula ndi madzi osungunuka zinalowa m'ngalande yolowera kunkhokweko n'kuundana momwemo. Mbewu sizinakhudzidwe, koma boma la Norway linamanganso ngalandeyo kuti isalowenso madzi, ndipo ntchitoyo inatha mu 2019.

Ndiponso mbewu yogona m'phiri imakhala monga inalili tsiku limene inalowamo. Mbewu imene imazolowera mvula yochedwa, ng'amba ya mu Febuluwale ndi tizilombo tatsopano ndi imene ikudzalidwa chaka ndi chaka, mlimi n'kumasankha ngala ndi zitsononkho za zomera zimene zapirira. Ntchito imeneyi sangaigwire akatswiri a ku Norway. Ili m'manja mwa amayi amene amapachika mapira kudenga la khitchini kuti utsi uthamangitse anankafumbwe, ndi a makalabu amene amasunga nzama, khobwe, mawere ndi chimanga chamakolo m'nkhokwe za m'mudzi.

Alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko angathandize polemba mayina a mbewu zamakolo zimene zikadalipo m'dera lawo ndi makomo amene akuzisunga, pokonza masiku osinthana mbewu zokolola zikatha, ndi polimbikitsa kuti mbewu iumitsidwe bwino isanatsekeredwe m'chiwiya chosalowa mpweya. Mtundu umene watsala ndi mabanja awiri kapena atatu okha uyenera kuchulukitsidwa msanga, ndipo gawo lake litumizidwe kunkhokwe ya boma kudzera mwa mlangizi wa zaulimi, dzina lake ndi mudzi wake zitalembedwa papaketi.